Chitseko cha Atsibweni

Ndinadzuka tambala woyamba asanalire, ngati kumeneko kunali kudzuka, pakuti tulo sindinatione kwenikweni. Ndinali nditatsamira njinga yanga kuseri kwa nkhokwe, jekete nditafunda kumutu. Amuna amene anachezera pabwalo anali atagona mozungulira phulusa. Pamaliro a kwathu moto suzima mpaka kucha, koma umenewo unazima kalekale chifukwa panalibe chikuni chosonkhezera. M'nyumba ya siwa amayi a mpingo ankaimba motsitsa, mawu atasasa, nyimbo imodzi yomweyo kuibwereza. Mkatimo munali mutagona atsibweni anga, mlongo wawo wa mayi anga, mphunzitsi wa sukulu ya m'mudzi mwathu, patsinde pa mapiri a Ntchisi.

Uthenga unandipeza dzulo lake masana ku Mponela, kumene ndinali kalaliki wa mzungu wina wogula fodya. Ndinapalasa mpaka mdima, ndipo ndinafika anthu atasonkhana kale. Panali patapita zaka zitatu ndisanaponde pakhomo pamenepo. Ndinkatumiza sopo ndi mchere, n'kumanamizira ntchito. Mkazi wa atsibweni, amene ine ndimawatchula amayi popeza ndiwo anandilera mayi anga atamwalira, anandigwira dzanja pondilandira. Iwo kwawo ndi ku Dzoole, anabwera kwathu pa chitengwa, ndipo ana awo awiri anamwalira ali makanda. Mwana wa m'nyumba imeneyo ndinali ine.

Kusanayere bwino ndinamva mitsuko ikugundana. Azimayi anali kunyamuka kukatunga madzi kumtsinje wa kumunsi, ulendo woti wopita m'bandakucha amabwerako dzuwa litakwera. Ndili mwana, kasupe anali kuseri kwa sukulu, pansi pa mbawa waukulu, ndipo amayi ankandituma madzi ndiwo zili pamoto. M'mawa umenewo ndinayang'ana kumene kunali kasupeyo. Kunali chitsa chachikulu ngati bwalo lopunthira, ndi mchenga woyera. Phiri lonse kumtunda kwake linali lometeka, miyala ikuoneka umodzi umodzi. Ndinatembenuka msanga n'kuyamba kupukuta njinga imene sinkafunika kupukuta.

Ndiyenera kunena pano chimene ndinkabisa, kuti wowerenga asandimvere chisoni chimene sichindiyenera.

Atsibweni anali munthu wolemba. Loweruka lililonse ankatenga kope ndi pensulo n'kukwera kumidzi ya kumtunda, kukakhala pansi ndi akuluakulu amene sankapita kutchalitchi, ena mwa iwo osunga kachisi wa mvula. Ankawafunsa maina a mitengo ndi a timitsinje, mtengo uti umasunga kasupe uti, anthu anadya chiyani chaka cha njala, njuchi zimakonda pati. Aphunzitsi anzawo ankawaseka, amvekere uyu watsala pang'ono kukathira nsembe. Iwo ankangoti mtengo wopanda dzina umadulidwa ndi aliyense. Itatha nkhondo yaikulu ya azungu ija, ya mtengatenga, fodya wa chikopa atalowa kwathu, aliyense anayamba kufuna nkhuni zofukizira m'chigafa, ndipo atsibweni analimbika kulemba kuposa kale. Akuluakulu aja anawauza ngakhale malo obisika m'zigwembe, kumene kunali mibawa yoti amuna atatu sangaikumbatire. Anawauza chifukwa atsibweni analonjeza kuti kopelo silidzatuluka m'nyumba mwawo.

Amene analitulutsa ndine. Ndinabwera patchuthi, ndinalipeza patebulo, ndinalilowetsa m'jekete, ndipo patapita masabata awiri ndinalibweza pamalo pomwepo. M'masabata awiriwo ndinalitembenuza m'Chingerezi, n'kujambula ndi mapu, mtengo uliwonse waukulu kamtanda kake. Pansi pake ndinalemba dzina langa m'zilembo zonenepa, n'kukapereka pepalalo kwa mzungu uja. Ndinkadziuza kuti mzungu akawerenga adzaona ubwino wa nkhalango n'kuletsa anthu kudula. Zimenezo ndi zoona pang'ono. Zoona zambiri n'zoti ndinkafuna andione kuti ndine wophunzira, osati wongonyamula botolo la inki. Anandiyamikiradi, ndipo mpando wanga unachoka pakhonde n'kulowa mkati.

Mvula itatha kunabwera ocheka matabwa, kapitawo wawo pepala lili m'manja. Sanafunse njira kwa munthu. Ankapita molunjika pamtengo uliwonse ngati anabadwira komweko. Anacheka zilimwe ziwiri, matabwa n'kumapita kukamanga mashedi a fodya ndi milatho. Mitengo ikuluikulu itagwa, njira zitatseguka, anthu a m'mudzi anamaliza yotsalayo ndi nkhwangwa zawo. Kasupe anauma. Tsono mudzi wonse unkadziwa munthu mmodzi yekha amene ankayenda ndi kope. Anati aphunzitsi anagulitsa phiri. Makolo ambiri anachotsa ana awo pasukulu. Atsibweni sanadzikanire pabwalo lililonse, anangoleka kulemba. Ine ndinamva zonsezi ndili ku Mponela, ndipo ndinakhala chete.

Dzuwa linatuluka lofiira chifukwa cha utsi wa lupsa. Inali nyengo ija yotentha mvula isanagwe, mphepo yake youma yosweka nayo milomo. Azimayi otsala anayala mafuwa kuseri kwa nyumba n'kuyatsa moto ndi mapesi ndi zitsononkho. Moto wa mapesi ndi wonyenga, umalilima kamodzi n'kutha, ndiye pamafuwa aliwonse panafunika munthu wongoponyera. Utsi wake unali woyera ndi wolasa m'maso. Mayi wina wachikulire, akupukuta misozi ya utsi, ananena mokweza kuti enafe tikulira kawiri lero. Anzake anamugwira pamkono. Ine ndinali pafupi ndithu, nsapato zanga zikuwala.

Mmisiri wa matabwa anafika ndi zida zake m'thumba. Anali munthu wa msinkhu wanga, tinaphunzira limodzi pansi pa atsibweni. Anaitana akulu a mpingo ndi ine pambali n'kunena kuti thabwa m'mudzi monse mulibe. Akati atumize ku mishoni, apita masiku awiri, ndipo ndi kutentha kumeneku thupi silingadikire. Wina anati tingowakulunga mumphasa monga ankachitira makolo. Mkulu wa mpingo anakana, anati mphunzitsi amene waika anthu ambiri m'mabokosi sangapite mumphasa. Tinaima pamenepo ngati nkhuku zonyowa. Pamene panachoka matabwa odzaza ngolo zosawerengeka, panasowa anayi okha.

Amayi ndiwo anatuluka m'siwa n'kuloza chitseko. Chinali chitseko chokha cha matabwa m'mudzimo, ena onse ankatseka ndi cha bango. Atsibweni anachichekesa kalekale ku mbawa umene unagwa wokha ndi mphepo, pamodzi ndi tebulo limene ankalemberapo. Amayi anati zonse ziwiri zitengedwe. Mmisiri anazula chitsekocho mosamala, akuwongola msomali uliwonse pamwala kuti augwiritsenso ntchito. Makope amene anali patebulo anaikidwa m'dengu, dengulo n'kukankhidwira pakona.

Adzukulu, anthu okumba manda, anali atafika kale ndi makasu awo. Pamaliro a kwathu iwo ali ndi ufulu wonena chilichonse, ndipo palibe amawakwiyira. Wamkulu wawo, bambo wina wa mano otalikirana, ataona khomo lili pululu anaseka n'kunena kuti lero wamva m'mimba savutika ndi chitseko. Anthu anaseka pang'ono, monga amasekera pamaliro. Kenako anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

“A Kalaliki, mwabwera ndi njinga yokha? Ife timayesa mutitengerako thabwa limodzi kwa abwana anu. Paja kumeneko akuti ngakhale nkhuku zimagona pa mbawa.”

Ndinaseka nawo. Ndikakumbukira kuseka kumeneko, mpaka lero thupi limandinyansa.

Mmisiri anayala chitseko pamiyala iwiri kuti achipale, kenako anandikodola. Mbali ya mkati, cham'munsi, panali dzina langa lokandidwa ndi msomali, zilembo zopotoka, china chitatembenuka. Ndinalikanda ndili ndi zaka ngati zisanu ndi ziwiri, tsiku limene ndinadziwa kulemba. Ndinkayembekeza chikwapu, koma atsibweni anangogwada n'kundisonyeza chilembo chotembenukacho. Mmisiri anafunsa ngati apale. Ndinati apale, ndipo ndinayankha mofulumira kwambiri. Kumbuyo kwanga ndinamva mawu a amayi. Sindinadziwe kuti anali ataima pamenepo.

“Pamenepo musapale. Pakhale mkati, pamwamba pa nkhope yawo.”

Dzuwa litakwera pang'ono anthu anayamba kufika m'magulu. Aphunzitsi a masukulu oyandikana anabwera atavala makoti ngakhale kunkatentha, mabuku a nyimbo ali m'khwapa. Abale a amayi ochokera ku Dzoole anafika mapazi atayera ndi fumbi, atasenza ufa ndi nkhuku, mmodzi atasenza ndi mtolo wa nkhuni, popeza mbiri ya mudzi wathu inali itafika kwawo. Ena anachokera mbali ya ku Dowa, anthu amene atsibweni anawaphunzitsa kale, tsopano ali ndi ana awoawo. Aliyense pofika ankayamba wafuna pokhala. Mthunzi unali wa nyumba ndi nkhokwe basi, ndipo anthu ankasuntha nawo pamene unkafupika.

Omaliza kufika anali akuluakulu a kumtunda, asanu ndi mmodzi, akuyenda mondondozana. Patsogolo panali nkhalamba ina yosaona bwino, ndodo m'manja. Ndinaidziwa, pakuti mawu ake ndi amene anadzaza theka la kope lija. Sanapite kusiwa kukapepesa. Anakhala paokha pachulu, padzuwa, ndipo chakudya chimene anawapititsira chinabwerera osachikhudza. Kenako anatumiza mawu kuti adzukulu asayambe kukumba asanamve kwa iwo.

Manda a kwathu ndi kankhalango, ndipo pa nthawiyo ndi pokhapo pamene panatsala mitengo, chifukwa kumanda nkhwangwa silowa. Mkatimo muli agogo anga, muli mayi anga, muli ndi makanda awiri a atsibweni. Aliyense ankadziwa kuti malo awo ndi pambali pa mlongo wawo, pansi pa mtengo wa katope. Tinapita pachulu paja, akulu a mpingo awiri, wamkulu wa adzukulu, ndi ine. Nkhalamba ija inalankhula mosakweza mawu, nkhope italoza kumene kunalibe munthu.

“Ife maliro sitikana. Munthuyu tinadya naye, tinamuuza za m'mimba mwathu. Anati kope silituluka, kope linatuluka. Mthunzi umene watsalawu ndi wa anthu amene sanaulembe. Iye mumuike kunja, m'mphepete, aothe dzuwa limene anatiitanira.”

Mkulu wa mpingo anayesetsa. Anati wakufa saweruzidwa ndi anthu, anati palibe anawaona aphunzitsi akupereka pepala kwa mzungu. Nkhalamba inayankha kuti ngati si iye, atchulidwe wina, ndipo iwo adzakhala oyamba kugwira khasu pansi pa katope. Inanena zimenezo kawiri. Kenako onse anatembenukira kwa ine, chifukwa kwathu mwana wa mlongo ndiye wolowa m'malo mwa atsibweni ake. Anandifunsa kuti mwini maliro akuti bwanji.

Mawu anali okonzeka m'kamwa mwanga, awiri okha: ndinaba ndine. Ndinayang'ana khamu lonse lija, aphunzitsi a makoti, abale a ku Dzoole, azimayi amene anali atangotula mitsuko makosi atauma. Ndinaganiza za mpando wanga wa mkati, ndinaganiza za mmene anthu amenewa adzandiyang'anire ndikamakwera njinga. Ndinadziuzanso kuti tsiku la maliro si tsiku la milandu, ngati kuti wina anandifunsa za tsiku. Pakhomo lopanda chitseko paja amayi anali ataima, akuyang'ana kuchulu. Ndinaweramitsa mutu n'kunena kuti akulu anena, ife ana tilibe mawu.

Wamkulu wa adzukulu sanaseke ulendo umenewu. Anatola khasu lake n'kumapita.

Ndinawatsatira patapita nthawi, kunamizira kukaona ntchito. Ankakumba mikono ingapo kuchokera pamene mitengo imathera, pamalo pamene panali munda wa fodya wa munthu wina chaka chathacho. Nthaka inali gwa, khasu likamenya linkalira ngati lagunda mwala. Ankasinthana pafupipafupi, thukuta likuyenderera, ndipo popuma ankathawira m'mitengo momwe wakufayo anakanizidwa. Mmodzi anandiuza kuti popeza ndimadziwa Chingerezi, ndiiuze nthakayo ifewe, mwina imamva chimenecho masiku ano. Ndinavula jekete n'kupempha khasu. Anandikaniza, anati wachibale sakumba, ndiponso manja a inki amatuluka matuza.

Bokosi linatha dzuwa lili paliwombo. Linali lofupika pang'ono, la mitundu iwiri, mbali zake zochokera kutebulo zili ndi madontho a inki. Mmisiri anapepesa kuti misomali inachepa, m'makona ena anamanga ndi luzi. Tinawagoneka atavala koti lawo lakuda la Lamulungu, lomwe linali litayera m'zigongono. Nkhope yawo inali itachepa kwambiri. Sindinadziwe kuti anawonda chotere, ndipo panalibe woti ndimufunse kuti zinayamba liti popanda kudziulula kuti zaka zitatu sindinabwere. Mmisiri anatembenuza chitseko, dzina lija n'kuyang'ana pansi, ndipo anakhoma.

Mwambo unachitikira pabwalo la sukulu. Mlaliki anawerenga mawu, anthu anaimba. Itakwana nthawi ya wachibale ndinaimirira. Ndimatha kulankhula, atsibweni omwewo ndiwo anandiphunzitsa. Ndinanena za ubwana wawo, za ulendo wawo wapansi kupita ku mishoni, za ana ambiri amene anawatsegula maso, za mmene ananditolera ine wamasiye. Azimayi analira. Za makope sindinatchule ngakhale kamodzi, ngati munthuyo sanagwirepo pensulo. Ndili pakati ndinaona nkhalamba ija itatembenuzira khutu kwa ine, pakamwa pali potseguka pang'ono. Unali mwayi wanga wachiwiri, pakuti dzenje likhoza kukwiriridwa n'kukumba lina. Ndinathokoza onse obwera, ndinathokoza adzukulu, n'kukhala pansi. Mphunzitsi wina anandigwira paphewa n'kundinong'oneza kuti ndalankhula ngati mwana wa aphunzitsi weniweni.

Tinanyamuka dzuwa litangopendeka. Amuna ankasinthana kunyamula, amayi a mpingo akuimba pambuyo. Njira ya kumanda imadutsa pamene panali kasupe, ndipo palibe njira ina. Pofika pachitsa chija nyimbo inafooka yokha, anthu anayenda mofulumira, mapazi okha akumveka. Kamvuluvulu anadzuka m'munda wouma n'kutimwaza fumbi ndi zinyalala za mapesi. Ine ndinali nditagwira kona ya kumutu. Bokosilo silinkalemera konse.

Kumanda anthu anagawikana okha popanda wowauza. Ambiri analowa m'mphepete mwa mitengo kufuna mthunzi, moti amoyo anali m'manda, wakufa ali panja. Bokosi linaikidwa pamulu wa dothi podikira pemphero. Amayi anachoka pakati pa azimayi amene ankawagwirira, anapita mbali ya kumadzulo kwa bokosilo n'kuima chilili. Poyamba sindinamvetse. Kenako ndinaona kuti chithunzithunzi chawo chagwera pachitseko paja, kumutu. Anaima pamenepo pemphero lonse, ndi nyimbo yonse, osasuntha, dzuwa likuwamenya kumsana. Nkhalamba ija inafunsa mnzake chimene chinkachitika, ndipo atainong'oneza inagwetsa mutu.

Adzukulu anatsitsa bokosi ndi zingwe za luzi. Ndinaponya dothi loyamba, linagwa pathabwa ngati miyala. Atamaliza kuumba mtumbira, wamkulu wa adzukulu anapempha madzi osamba m'manja monga mwa mwambo, ndipo anawapatsa chikho chimodzi kuti agawane onse. Podutsa pafupi ndi ine ananena motsitsa, osandiyang'ana, kuti mlandu suwola. Sindikudziwa ngati ankadziwa kanthu kapena ankangolankhula monga amalankhulira adzukulu. Sindinamufunse.

Anthu anabalalika mofulumira, chifukwa aliyense ankafuna kukafika kumene kuli madzi kusanade. Aphunzitsi anatsanzika, akuluakulu a kumtunda anakwera phiri lawo mondondozana monga anabwerera. Azimayi ogona ndi namfedwa anatenganso mitsuko kupita kumunsi. Pofika madzulo pabwalo panali mafuwa akuda, phulusa loyera la mapesi, ndi zipalo za mbawa pamene mmisiri anagwirira ntchito. Nkhuku zinkalowa ndi kutuluka m'nyumba mmene zifunira.

Ndinawapeza amayi atakhala pamphasa pamene panali tebulo. Miyendo inayi ya tebulolo inali itaunjikidwa pakona pafupi ndi dengu la makope. Anandiuza kuti ndikhale. Anatenga buku la nyimbo la atsibweni, n'kutulutsamo pepala lopindidwa kanayi, lakuda m'mapindiro chifukwa chogwiridwagwiridwa. Ndinalidziwa asanalitambasule. Anati tsiku limene ocheka anayamba mbawa wa pakasupe, atsibweni anapita kukawaletsa, ndipo kapitawo anawaonetsa pepalalo kuti aone kuti ntchitoyo ndi yolembedwa. Mitengo itatha kapitawoyo anawasiyira pepalalo. Kuyambira pamenepo ankalitulutsa madzulo aliwonse, kuliyang'ana, n'kulibweza.

“Ine sukulu sindinapite. Tandiwerengera, mwanawe. M'chinenero chathu.”

Ndinasendera pakhomo pamene panali kuwala. Ndinayamba kubweza m'Chichewa zimene ndinazichotsa m'Chichewa. Mbawa wa pakasupe wa kuseri kwa sukulu. Mibawa itatu ya m'chigwembe cha njuchi. Mlombwa wa pamwala wogawanika. Mawu ankabwera okha, chifukwa anali a atsibweni, ndipo pena ndinkamva ngati ndi iwo akulankhula. Amayi ankavomera ndi mutu pa dzina lililonse, monga munthu amavomerera akamamutchulira abale amene anamwalira. Nditafika kumapeto ndinaleka.

“Pansipo patsala mawu,” anatero amayi.

Ndinkatha kutchula dzina la mzungu. Ndinkatha kunena kuti ndi tsiku ndi mwezi chabe. M'nyumbamo munalibe wina wodziwa kuwerenga, ndipo ndikuvomera kuti ngakhale pamenepo maganizo amenewo anandifikira. Koma ndinali nditatopa.

“Ndi dzina langa, amayi. Kope ndinaba ndine. Pepalali ndinalemba ndine.”

Sanadzidzimuke. Anatenga pepalalo, analisalaza pabondo, n'kuika chala pa dzinalo, ndendende.

“Ndimadziwa. Kuwerenga sindidziwa, koma zilembo izi ndakhala ndikuzitsekula ndi kuzitseka zaka makumi awiri. Tsiku lomwe anabwera nalo ndinaliona, n'kuyang'ana pachitseko. Atsibweni ako anandiletsa kunena. Anati mwanayu alibe mayi, mudzi ukamudziwa alibe kolowera, ine ndakalamba kale. Anatinso tsiku lina adzanena yekha, ndinamuphunzitsa ndine.” Anachotsa chala pa dzinalo. “Ndinakudikira pachulu. Ndinakudikira pasukulu. Kumanda ndinaima mpaka msana kupsa, ndimvekere mwina tsopano.”

Ndinalira pamenepo, kulira kumene sindinalire tsiku lonse. Iwo sananditonthoze ndipo sananditukwane. Ananditambasulira pepalalo n'kunena kuti mkuja, tsiku lometa, akuluakulu aja adzatsikanso, ndipo ndidzawawerengere monga ndawerengera iwo, mpaka pansi. Anati makope ali m'dengu ndi anga tsopano, ndione chochita nawo, iwo akubwerera kwawo ku Dzoole.

Ndinawerengadi tsiku lometalo, pamaso pa mudzi wonse. Nkhalamba ija inamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti mukanatero dzana, mwana wanga, manda sasuntha. Za zimene zinatsatira, za ntchito imene ndinasiya ndi mibawa imene ndakhala ndikubzala, sindilemba pano, chifukwa zingaoneke ngati ndikudzigulira chikhululukiro. Ndalemba za tsiku limodzi lokha, kuti aliyense wogwira cholembera adziwe kuti atsibweni anga sanagulitse phiri, ndi kuti pepala limapita kumene mwini wake sanalitume.

Madzulo a tsiku la maliro lija amayi anagona pamphasa atatembenukira kukhoma. Azimayi anali asanabwere kumadzi. M'nyumba munali zii, fungo la mbawa wopalidwa likadali m'mwamba. Ndinatenga mphasa yakale kuti nditchinge pakhomo mbuzi zingalowe, koma panalibe pokoloweka, misomali yonse inali itapita ndi bokosi. Ndiye ndinakhala pansi pakhomopo ine ndemwe, pepala lili m'manja, ndikuyang'ana kumanda. Mtumbira unkaoneka bwinobwino, wofiira, uli wokha kunja kwa mitengo. Dzuwa linalowa kuseri kwa phiri lometeka lija, ndipo kwa nthawi yoyamba kuyambira pamene tinawaika, atsibweni anali pamthunzi.